Mpando Wozungulira wa ku Al Mansoura

Fungo la mpando uja ndimalikumbukirabe: chikopa chakale, fumbi, ndi thukuta la anthu osawadziwa. Bambo anautola ku Al Mirqab, dera lina la mzinda wakunja womwe tinkakhala, kumene ofesi ina inautaya, n'kubwera nawo pa galimoto ya hotela yomwe ankayendetsa. Inali nyengo yotentha, sukulu zitatsekedwa, ndipo m'chipinda chathu cha ku Al Mansoura makina oziziritsa mpweya ankangolira mopanda mphamvu. Amayi anali atapita ku Malawi akudwala, ndipo tsiku lililonse ndinkafunsa kuti abwera liti.

Bambo ankangoyamba kundisimbira za asilikali oyesa ndege omwe anawaonera pa kanema kuntchito. Amunawo ankakonzekera kukwera chombo chamapiko choti chikazungulire dziko lapansi, n'kubwerera chopanda injini, chikungoyandama ngati kamtema. Powaphunzitsa ankawamangirira pa makina owazunguza mpaka magazi kuthawa kumutu.

"Khala apa, kaputeni," ankatero, akundimanga pampando ndi chitenje cha amayi chomwe chinkanunkhirabe mafuta awo odzola. "Limbitsa miyendo ndi mimba. Uzipuma modukiza. Ukalekerera thupi, ukomoka."

Akandizunguza, makoma, mapoto ndi malaya oyanika pachitseko zinkasanduka chinthu chimodzi. Ndinkaseka mpaka mseru. Iwo sankaseka kwenikweni, koma sankatopa nawo masewerawo, ngakhale atabwera maso ali psuu ndi tulo.

Tsiku lina masana foni inalira. Bambo anamvetsera ataima pawindo, kenako anakhala pampando uja. Ndinaona miyendo yawo ikulimba, akupuma modukiza monga anandiphunzitsira. Ndinasangalala kuti lero yafika nthawi yawo, ndipo ndinayamba kuwakankha kuti azungulire. Anandilekerera.

"Bambo, chombo chija chinakafika?"

"Ayi, mwanawe. Anachiletsa chisanauluke. Anthu aja anangophunzira basi."

Amayi sanabwerenso.

Chaka chino namwino anatuluka m'chipinda cha kuchipatala momwe munali mkazi wanga, nandiitanira pambali kuti andiuze uthenga woipa. Asanamalize kulankhula, miyendo yanga inali italimba yokha, ndipo mpweya unkatuluka modukiza. Sindinagwe. Ndili mwana ndinkayesa kuti bambo akundikonzekeretsa ulendo wa mumlengalenga. Tsopano ndikuganiza kuti ankadziwa kale zomwe madokotala ananena za amayi, ndipo analibe njira ina yondiuzira.