Kukayeza Injini ku George

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu wa chifundo chonse, amene anandisunga potuluka ndi polowa, amenenso amayamba wayeza katundu asanamusenzetse munthu. Ndiyamikenso amayi anzanga a Chigwirizano kuno ku Kanyama, amene anandigwira mkono m'masiku aja. Ambiri munamva kuti ndinapita ku komboni ya George kukaona injini, ndipo ena munaseka. Lero ndikuuzeni mmene ndinayendera.

Amuna anga, aZulu, anali ndi vaneti yoyera yakale. Mkati mwa sabata inkanyamula makala, simenti ndi malata. Koma mumpingo mukagwa maliro, ankaitsuka, kuyala chitenje kumbuyo, ndi kunyamula bokosi osalipiritsa. Injini yake inafa mwezi womwewo umene impso zawo zinayamba kuvuta. Vaneti inakhala pa miyala pafupi ndi khomo, nkhuku zikuikira pansi pake, eni ake ali gone m'nyumba. Atatuluka m'chipatala kachiwiri anandiuza kuti, "Amake Dalitso, ndaperekeza anthu ambiri. Tsiku langa likadzafika, ndidzapite mu yangayi." Ine ndinawadula pakamwa: "M'nyumba muno simutchulidwa imfa. Mudzachira." Nthawi zonse akayamba nkhaniyo, ine ndinkayamba pemphero.

Kenako tinamva kuti makanika wina wa ku George, ba Mulenga, ali ndi injini ya dizilo yochokera mu lole ya matani anayi imene inagubuduzika. Ndinaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Ndinati tiigule, tiiike mu vaneti, kuti akadzuka adzapeze galimoto yamphamvu. AZulu anandiyang'ana. Kenako anatuma mwana wathu wamkazi, Dalitso, kukayeza malo okhala injini ndi chingwe choyanikira zovala, namanga mfundo pamene malowo anathera. "Pitani nokha," anatero. "Musatume munthu. Mukaike chingwechi pa injiniyo, mukaone ndi maso anu."

Ndinanyamuka Lachiwiri nthawi ya seveni m'mawa, chingwe ndachimanga pa nsonga ya chitenje. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo amene amadziwa Kanyama wa dzinja akudziwa kuti njira yathu inali dziwe. Anthu anali ataika njerwa zopondapo, ndipo bambo wina anali kuwolotsa anthu pa wilibala, makwacha asanu mutu umodzi. "Kwelani mami," anatero, "iyi ndiye ndeke ya mu Kanyama." Ndinakwera, mayi wamkulu ngati ine, miyendo m'mwamba, ndikupemphera kuti pasadutse mkulu wa mpingo.

Basi yaing'ono yopita m'tauni inali makwacha khumi. Tinakhala anayi pa mpando wa atatu, kondakitala akukuwa kuti basi siidzaza, "Fendelani, fendelani! Basi siizula, chimazula ni chidebe!" Pafupi nane panali mtsikana atanyamula beseni ya vitumbuwa, kafungo kake kakundikumbutsa kuti sindinamwe tiyi. Ndinagula viwiri, koma ndinangovisunga m'thumba.

M'tauni tinafika cha m'ma hafu eyiti. Ndinadutsa m'matope pakati pa ogulitsa zovala zakale za salaula mpaka pokwerera mabasi a ku Matero ndi George. Kumeneko ndinalipira makwacha khumi ndi atatu, ndipo tinadikira mpaka basi itadzaza. Mlaliki wina anakwera, nalalikira za mafupa ouma amene anakhalanso ndi moyo. Ndinayankha "Amen" mokweza kuposa onse, chifukwa ndinaona ngati uthengawo ndi wa vaneti yathu ndi mwini wake.

Tili pa msewu wa Lumumba, tinapezana ndi lole ya maliro yolowera ku manda a Chingwere. Amayi anali kumbuyo, mipango kumutu, milomo ikuyenda, koma nyimbo yawo siinkamveka. Injini ya loleyo inkabangula ndi kulavula utsi wakuda. Bambo wachikulire amene anakhala patsogolo panga anavula chipewa, nati, "Masiku ano tishika banthu na chongo." Ankadandaula kuti tikuika maliro ndi phokoso. Ine ndinatembenukira ku windo la mbali ina. Njira imeneyo aZulu ankaidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo sindinafune kuiona.

Ndinatsikira pafupi ndi msika wa ku George nthawi itapitirira teni. Mayi wootcha chinangwa anandilozera njira: "Mukaona chimtengo cha mango chili na magiyabokosi pansi, mwafika." Galaja ya ba Mulenga inalibe chipupa kapena chikwangwani. Panali mtengowo, tcheni cholendewera pa nthambi, ndi dothi lakuda ndi oyilo. Mwini wake anatuluka pansi pa basi, munthu wamfupi wa imvi, wochokera ku migodi.

"Ba mayo, mwasoba njila? Tchalitchi ili kuja."

"Ndine mkazi wa aZulu a ku Kanyama. Ndabwera kudzaona injini."

Anapukuta manja, nandipatsa dzanja atagwira chigongono. "Ba Zulu! Ndiye banapeleka ba mayo banga ku manda. Nebo ninalibe olo ya mafuta. Bali bwanji?"

"Akupeza bwino," ndinatero.

Anavundukula tenti imene inaphimba injiniyo. Abale anga, ine ndinkaganiza kuti injini ndi injini. Chimene ndinaona chinali ngati ng'ombe yogona. Ndinamasula chingwe, ndinaika nsonga yake kutsogolo kwa injiniyo ndi kuchikoka. Mfundo ya aZulu inathera panjira, injini ikupitirirabe pafupifupi mkono wathunthu. Ndinayezanso, ndikukoka chingwe mwamphamvu ngati chingatalike.

Ba Mulenga sanandiseke. Anakhala pa tayala nayamba kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati injiniyo ndi yolemera, masipuling'i akutsogolo ayenera kusinthidwa, apo ayi vaneti idzagwada. Giyabokosi yakale singapirire mphamvu yake. Rediyeta iyenera kukhala yaikulu, mabatire awiri, mabuleki atsopano. Ndinali kungovomera, chifukwa zonsezo ndinkati Mulungu adzapereka.

"Vonse ivo vingachitike," anatero. "Manje vuto ni utali. Kuti ingene, tifunika kujuba, kudula nsimbi, tifendeze kebini kumbuyo. Ndiye kuti kumbuyo konyamulila katundu kuzafupika na mkono umozi. Makala yazakwana, simenti izakwana."

M'maso mwanga munabwera aZulu ali bwinobwino, masana a dzuwa, atagona kumbuyo kwa vaneti podikira katundu, mutu wagunda kebini, mapazi agunda chitseko. Ndi munthu wamtali. Kumbuyoko kunkangowakwana ndendende.

"Bokosi lawo silidzakwana," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha. Palibe amene anandifunsa. Ine amene ndinaletsa imfa kutchulidwa m'nyumba mwanga ndinaitchula pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa mlendo. Ba Mulenga anayang'ana pansi.

"Tingasiye chitseko cha kumbuyo chosegula," anatero motsitsa mawu.

"Iyayi. Iwo sananyamulepo munthu mapazi ali panja ngati malata. Ankati wakufa nayenso ali ndi ulemu wake."

"Nanga nchito iyi ni ya myezi ibili, ba mayo. Niuzeni zoona. Ba Zulu bali bwanji?"

Ndinakhala pa dothi la oyilo lija ndi chitenje changa cha Chigwirizano, ndipo ndinalira kulira kumene ndinakukaniza miyezi yonse ija. Anthu ogwira ntchito anasiya kugogoda zitsulo. Ba Mulenga anandisiya ndilire. Kenako anandibweretsera chakumwa cha munkoyo m'kapu, ndipo tinagawana vitumbuwa vija, chimodzi iwo, chimodzi ine.

Nditadzuka kuti nditsanzike, analowa m'kachisakasa natuluka ndi chitsulo chachitali chokhala ndi mphete mbali zonse ziwiri, chokokera galimoto yakufa. "Iyi injini siyanu," anatero. "Tengani ichi. Vaneti muichose pa myala, mupompe matayala. Siku ija ikafika, munitumile foni. Nizabwela na motoka yanga, nizadonsa pang'ono pang'ono."

Pobwerera, kondakitala ataona chitsulocho anati, "Mami, ichi chinsimbi chizalipila mpando wake." Mayi wina wogulitsa kapenta anamuyankha, "Iwe, siuona maso yao? Balekeni ba mami." Kondakitala uja anachilowetsa pansi pa mipando. Ulendo wonse chinali kundigunda pa akakolo, ndipo sindinasunthe mwendo. Ndinakumbukira kholo lija la m'Malemba limene linalumbiritsa abale ake za kumene adzatengere mafupa ake. Iwo sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamulonjeza.

Ku Kanyama ndinafika cha m'ma fili koloko, madzi atatsikako. Wa wilibala uja anafuna kundinyamulira chitsulo, koma ndinakana, ndinachisenza pamutu mpaka kunyumba. Dalitso ataona anagwira pakamwa. Ndinalowa nacho kuchipinda. AZulu anali maso, atatsamira pilo. Anayang'ana chitsulo, anayang'ana ine, ndipo anamwetulira.

"Chingwe chinakwana?"

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndayendetsa galimoto moyo wanga wonse, amake Dalitso. Ndinkadziwa. Koma ine mukanandimvera?" Anasisita malo pa bedi. "Khalani apa. Tsopano tingakambe?"

Ndinakhala. Sindinayambe pemphero. Anandiuza nyimbo zimene ankafuna, suti imene ankafuna, ndi mawu oti ndidzauze abale awo. Titatha, anapempha iwo eni kuti tipemphere, ndipo kunali koyamba m'miyezi yambiri kuti tipemphe chinthu chimodzi.

Anatisiya mvula isanathe. Ba Mulenga anasunga mawu awo. Bokosi linakwana, chitseko chinatsekedwa. Inu amene munakhala nane kumbuyo kwa vaneti mukukumbukira kuti pansi pathu panalibe chobangula, ndipo nyimbo zathu zinamveka njira yonse mpaka ku Chingwere, anthu m'mbali mwa msewu akuvula zipewa.

Ndinapita ku George kukafuna mphamvu yoti ndikanire nayo chimene Mulungu analola, ndipo ndinabwerako ndi chitsulo chondiphunzitsa kutsatira pambuyo. Wodwala akafuna kutsanzika, musamutseke pakamwa ndi pemphero. Khalani pansi, mumumvere.

Ambuye akusungeni inu nonse owerenga. Akupatseni makutu omva okondedwa anu nthawi ikadalipo. Ndipo tsiku limene mphamvu zanu zidzathe pakati pa njira, Iye yekha akugwireni, akutsogolereni pang'onopang'ono mpaka kwanu. Amen.