Tchizi cha m'Duku la Amayi

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, ng'ombe yathu inatsala pang'ono kugulitsidwa kwa opha nyama a pa Nsaru chifukwa ine ndinkakana kudya tchizi. Nkhani yonse inatenga milungu isanu ya dzinja. Fungo lake ndimalimvabe mpaka lero, fungo la mkaka wosasa losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa, limene linalowa m'makatani, m'mabuku a abambo ngakhalenso m'tsitsi langa.

Tinkakhala m'mudzi wina pakati pa Nsaru ndi Kabudula, pafupi ndi sukulu imene abambo ankaphunzitsa. Pakhomo tinalipo atatu, abambo, amayi ndi ine Tadala, poti achimwene anga anali kusekondale yogonera konko. Wachinayi anali ng'ombe ya mkaka ya mawanga akuda ndi oyera, imene tinkaitchula kuti Dona. Dzinalo linaiyenera. Ng'ombe zina zonse za m'mudzi zinkapita kudambo kukadzifunira msipu, koma Dona inkakhala m'khola lofolera bwino n'kumadikira kuti tiiperekere. Inkadya nsenjere zoduladula, madeya ndi kamchere. Nsenjerezo ndinkadula ndine ndikaweruka kusukulu, ndipo ikakhuta inkandinyambita mkono ndi lilime lake lokhakhala. Inkatulutsa malita khumi patsiku. M'mawa uliwonse abambo ankamangirira chigubu panjinga n'kupita nacho kumalo osonkhanitsira mkaka, tsidya la mtsinje.

Pakati pa Januwale mvula inagwa masiku atatu osakata, ndipo mlatho unakokoloka. Njira ina inalipo, yozungulira kutali, koma mkaka unkafika utasasa ndipo ankaubweza. Dona sinauzidwe za mlathowo. Inapitiriza kutulutsa malita ake khumi. Tinamwa tiyi wa mkaka m'mawa, masana ndi madzulo. Tinagawira anansi, amayi anapanga chambiko, tinagawanso, mpaka ana a m'mudzi anayamba kuthawa akandiona ndanyamula jagi. Ndowa zonse zinadzaza. Tsiku lina ndinaona amayi akukhuthulira mkaka kudzala, nkhope ili gwa, kenako n'kupita kukayang'ana thumba la madeya limene linali litatsika kwambiri.

Madzulo ake anauza abambo kuti ng'ombe yodya madeya n'kumatulutsa zotaya siyofunika kuisunga. Mkaka sungayende njira yozungulira, anatero, koma ng'ombe ingayende, ndipo pa Nsaru ogula analipo.

Abambo sanali munthu wotsutsa ndi pakamwa. Ankatsutsa ndi mabuku. Anafukula m'katoni kabuku kena kamene analandira kumaphunziro a alangizi a ziweto, n'kupeza tsamba lonena za tchizi chofewa chopanga pakhomo. Malangizo ake anali ochepa. Mkaka usase usiku umodzi. Uutenthetse pamoto wochepa mpaka ugawike, zoyera payokha, madzi achikasu payokha. Kenako uusefe pansalu yoyera, yopyapyala, yaukhondo, n'kuipachika kuti idonthe.

Linali Lachitatu, ndipo amayi anali kumunda kukabandira chimanga. Mkaka unagawika monga mmene kabuku kananenera. Chimene chinasowa chinali nsalu. Abambo anayang'ana tawulo, anati n'lokhuthala. Anayang'ana thumba la ufa, anati si laukhondo. Kenako anatsegula sutikesi ya amayi. M'nyumba yonse munali nsalu imodzi yokha imene inali yoyera, yopyapyala ndiponso yaukhondo mosakayikitsa, ndiyo duku loyera la yunifomu ya amayi a mpingo, limene amayi ankalisita okha ndi kuvala Lachinayi lililonse. Abambo anandifotokozera kuti tilichapa madzulo, liuma usiku, ndipo palibe amene adziwe. Ine ndinagwira ngodya ziwiri, iwo anathira.

Amayi anabwera msanga chifukwa cha mvula. Analiona akadali panjira, litapachikidwa pamtanda wa khonde, litatupa ngati mpira, likudontha m'beseni. Anatula khasu pang'onopang'ono.

"APhiri, chikudontha apocho n'chiyani?"

"Ndi tchizi, Nabanda."

"Sindikufunsa za m'katimo."

Dukulo amayi analichapa katatu ndi sopo, analiyanika pamwamba pa moto, n'kulisita m'mawa. M'maso linayera ndithu. Koma kumsonkhano wa amayi ntchentche ziwiri zinawaperekeza kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pabenchi, ndipo pakati pa nyimbo mayi wina wachikulire anawanong'oneza kuti, "Kodi mwayambanso kuyamwitsa, osatiuza?" Amayi anatifotokozera zimenezi ali chiimire, duku lili m'manja. Abambo analakwitsa chinthu chimodzi chokha, anaseka.

Kenako anayesa kukonza zinthu potulutsa tchizi chija m'mbale. Chinali choyera, chofewa, cha timibulu tonyowa. Anadya supuni imodzi akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva ulaliki wabwino, n'kundipatsa ine. Ndinachiyang'ana. Chinkafanana ndendende ndi zimene khanda limabweza paphewa la mayi ake likayamwa mopitirira. Nditangoganiza zimenezo, pakhosi panatsekeka. Ndinachiika palilime, ndinamva timibulu tija tikuyendayenda, ndipo ndinathamangira panja.

Amayi anapereka chigamulo pomwepo. "Ngati n'chakudya, mwanayu adye. Adye yekha, osamugwira mphuno, ndipo mbale aimalize. Zikakanika pofika kumapeto kwa Febuluwale, Dona ikupita ku Nsaru."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka ntchito ya abambo. Anagula nsalu yakeyake yosefera, ndipo madzulo aliwonse ankandikhazika patebulo ndi njira yatsopano. Anayamba ndi shuga. Zinangoipiraipira, chifukwa tsopano zinali zobweza za khanda zotsekemera. Anayesa ndi mango omaliza a mumtengo wathu, amene ndinali nditawalondera kwa mlungu wathunthu, ndipo mango atatu abwinobwino anawonongeka. Nkhani ya mango imeneyo sindinawakhululukire msanga. Tchizicho anachibisa m'phala, koma ndinavuula timibulu tonse ndi supuni n'kutindandalika m'mphepete mwa mbale. Anachipaka pachimanga chootcha chimene anapempha kudimba la mnzawo, chinagwera m'phulusa. Anandiuza kuti nditseke maso, koma maso akatsekeka lilime limaona kwambiri.

Anayesanso maphunziro. Anandifotokozera za mafupa ndi mano, anajambula mwana wonenepa ndi mwana woonda kuseri kwa kalendala, n'kundiuza kuti kumayiko akutali anthu amachita kulimbirana chakudya chimenechi. Ndinafunsa ngati sitingawatumizire. Amayi, amene ankasankha nyemba pakona osalowerera, anatsokomola.

Anthu a m'mudzi sanatithandize. Nkhani ya duku inali itafika paliponse, ndipo kusukulu anzanga ankanditchula kuti mwana wa kwa atchizi. Mkulu wa mpingo wina amene anabwera kudzacheza anapatsidwa mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anapemphera pemphero lalitali kuposa la masiku onse, kenako anakumbukira kuti anali atangodya kumene kunyumba.

Pakati pa Febuluwale kunabwera bambo wina wa pa Nsaru, wovala jombo ndi chikhoti cha mvula. Analowa m'khola osaodira, n'kuyamba kugwira Dona m'nthiti ndi m'ntchafu, akuyankhula yekha. Sanaiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi. Dona inamunyambita chikhoti. Atachoka ndinatenga tchizi m'kapu, ndinapita kuseri kwa khola, n'kuyesa ndekha. Ndinameza supuni imodzi ndi madzi ngati mankhwala a malungo. Yachiwiri inabwerera. Ndinakhala pamenepo ndikulira, Dona ikubzikula phee, osadziwa kuti moyo wake uli pakhosi panga.

Kunatsala masiku anayi. Tsiku limenelo ndinachoka m'mawa nditangomwa tiyi, chifukwa amayi anati phala lachedwa. Tinaweruka mochedwa, tinanyowa panjira, ndipo ndinafika kunyumba m'mimba mukulira. Pakhomo panalibe munthu. M'khitchini, pafupi ndi mafuwa ofunda, panali mbale yovindikira. Nditavundukula ndinapeza zidutswa zitatu za dzungu lophika, loyamba la chaka chimenecho, ndi ndiwo pambali pake: tomato woduladula, anyezi, mchere, mtedza wokazinga wosinja mwa apo ndi apo, ndi kafungo ka tsabola wa kambuzi. Zonse zinali zosakanizidwa ndi chinthu china choyera chimene ndinachiyesa mazira.

Ndinanyema dzungu, ndinasunsa, ndinadya. Dzungulo linali lotsekemera ndi laufa, ndiwozo zowawasa pang'ono, zamchere, ndipo mtedza unkakukutika m'kamwa. Ndili pa chidutswa chachiwiri m'pamene ndinazindikira. Nkhuku zathu zinali zitafa ndi chitopa chaka chapitacho, ndipo pakhomo panalibe dzira ngakhale limodzi. Ndinayang'anitsitsa, ndinaona timibulu tija, tsopano titafiira ndi tomato. Ndinadikira kuti pakhosi patsekeke. Sipanatsekeke. Pakati pa mtedza ndi anyezi, lilime silinkathanso kudziwa kuti kam'bulu n'kati. Ndinamaliza chidutswa chachitatu, n'kupukuta mbale ndi chala.

"Wadya chakudya changa," anatero amayi ali pakhomo la khitchini, mtolo wa nkhwani uli m'manja.

Ndinachita mantha, kenako ndinazindikira chinthu chachikulu kuposa mantha. "Amayi, ndiye kuti inu mumadya tchizi?"

"Ndimadya zimene zilipo. Tsuka mbaleyo."

Sindinaitsuke. Ndinathamanga nayo mumvula mpaka kusukulu, kumene abambo ankachonga makope, n'kuiika patebulo pawo. Anainunkhiza, anandifunsa mafunso anayi ngati kukhoti, kenako tinabwerera limodzi, iwo patsogolo atanyamula mbale yopanda kanthu ndi manja awiri. Amayi anamvetsera umboni wonse akusadzula nkhwani. Anati mbale imene ankanena si imeneyo, ndiponso mwana wakuba chakudya cha mayi ake sayenera kuyamikiridwa. Koma poti mawu anali atanenedwa kale, iwo sakanawabweza. Dona ikhala. Anawonjezera kuti aPhiri agule duku latsopano Lachinayi lisanafike, ndipo asadzayandikirenso sutikesi yawo.

Mlatho anaukonza ndi mitengo mu Malichi, ndipo chigubu chinabwerera panjinga. Komabe Loweruka lililonse tinkasiya malita awiri kuti asase. Duku lakale lija linakhala losefera, chifukwa amayi anati nsalu imene abambo anagula inali yokhuthala, ndipo sankadziwa kusankha.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapulumutsa Dona ndekha, komanso kuti ndinawagwira amayi akudya mobisa chinthu chimene ankachinyoza. Nditayamba ntchito yolemba nkhani ndinaphunzira kubwerera pamalo n'kuyang'ananso zimene ndinaona. Mbale ija inali yanga, yaing'ono yobiriwira, imene amayi sankadyeramo. Tsabola anali wongonunkhira, pamene amayi ankadya tsabola woliza munthu wamkulu. Phala silinachedwepo tsiku lina lililonse chaka chimenecho. Ndipo nkhokwe yathu inali itafika pansi, moti madeya amene Dona inkadya anali oti tikanatha kuwagayitsa n'kudya ife. Amayi ankawerengera zonsezo pamene ine ndi abambo tinkasewera ndi mango. Ng'ombe ankaifuna, koma sakanalola kuti munthu amene anaseka nkhani ya duku apambane ndi kabuku kake.

Mwezi watha ndinagula tchizi chotere m'sitolo muno mu Lilongwe, cha m'kachitini kapulasitiki. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti chikufanana ndi zimene khanda la anansi limabweza. Ndayesa shuga. Ndayesa nthochi. Dzana ndinadzipeza ndikumufotokozera za mafupa ndi mano, ndipo ndinaimbira foni amayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti ndatengera abambo anga. Akubwera Loweruka pa minibasi ya m'mawa. Andiuza kuti ndigule dzungu, tomato, anyezi ndi mtedza, mwanayo ndisamuuze kanthu, ndipo phala la tsiku limenelo lichedwe.