Makina a Mayi Singano ndi Penti wa Asilikali

Tsiku loyamba kuonana nawo, Mayi Singano anandibweza pakhomo chifukwa cha zikhadabo. "Mwanawe, izi n'zokumbira mbatata kapena zosokera? Kawenge, ubwerenso." Ndinali nditapita kukalembetsa pa sukulu yawo ya zosokasoka, m'chipinda chapamwamba cha nyumba yosanja yoyang'anana ndi positi ofesi. Munali makina khumi ndi awiri opalasa ndi mapazi. Atsikana ambiri, ena amasiye, ena othawa maukwati a nkhonya, anatulukamo ali ndi luso lodyera.

Nkhondo itabuka, boma linalanda nyumba yonseyo kuti ikhale maofesi a asilikali. Anatiuza kuti pofika masana tikhale titachoka. Makina anatikaniza kutenga, ati chilichonse cha m'nyumbamo tsopano n'cha boma. Anamasula mitu ya makinawo, matebulo ake n'kuwasandutsa madesiki a makalaliki, mituyo n'kukaiunjika m'chipinda chapansi ngati maungu.

Mayi Singano ankadziwa zimene chinyontho chimachita ndi chitsulo, ndipo ankadziwanso kuti makinawo akafa, sukulu yafa. Choncho mphunzitsi wathunthu, amene anasokera madiresi a ukwati theka la tauni, anakapempha ntchito yokolopa m'nyumba yomweyo. Mng'ono wawo analira.

"Achemwali, mukagwadire tianyamata timene munkatisokera makabudula a sukulu?"

"Ndikagwadira simenti, osati iwo."

Lachisanu lililonse, akamaliza kukolopa makonde, ankatsikira pansi ndi kabotolo ka oyilo m'thumba la epuloni. Kadontho apa, kadontho apo, kenako n'kuzunguza gudumu lililonse mpaka lilire bwino. Sajeni wosunga makiyi ankawaseka.

"Amayi, zidzukulu zanu zadya?"

"Zadya, bwana. Nanga inu mwasamba?"

Chaka chachitatu kunamveka kuti mkulu wa asilikali akubwera kudzayendera maofesi. Asilikali akamva kuti kukubwera wamkulu, amapaka penti chilichonse chimene diso lingagwerepo: miyala ya m'mbali mwa njira, matayala otha, ngakhale makungwa a mitengo. Sabata yonseyo okolopa anawatsekereza kumwamba, kupukuta mawindo. Atatsikira pansi Lachisanu, Mayi Singano anapeza mitu ija itandandalikidwa mizere iwiri ngati ili pa perete. Anali ataitsuka ndi paipi ya madzi, n'kuikuta ndi penti wobiriwira, wokhuthala ngati phala, mpaka m'timabowo ta oyilo ndi podutsa ulusi pomwe. Anagwira gudumu limodzi. Linangoti gwa. Anayesa lachiwiri, lachitatu, onse chimodzimodzi.

"Wachita izi ndani?"

"Ineyo, amayi," anatero sajeni, chifuwa chili patsogolo. "Mwaona kuwala kwake? Muzithokoza."

"Mfuti yanuyo mumaithira penti m'kamwa?"

"Aa, imeneyo ndi mfuti."

"Bweretsani ndiyese, muone ngati mudzathokoze. Zitsiru zovala nsapato!"

Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo chifukwa cha mwano. Mkulu uja anabwera, anamwa tiyi kumwamba, n'kubwerera. Kuchipinda chapansi sanasuzumireko n'komwe.

Nkhondo itatha, asilikali anasamuka, mituyo n'kuitaya panja pamodzi ndi mipando yothyoka. Matebulo ake sanaonekenso. Mayi Singano anaituta pa wilibala, nakhala miyezi akupala ndi lezala ndi kunyika m'palafini, mpaka zala zawo zinasenda. Makina atatu okha ndiwo anadzuka. Ena onse dzimbiri linali litawadya m'kati, pansi pa penti wokongola uja. Sukulu inatsegulidwanso pakhonde la nyumba yawo, ya ophunzira atatu basi. Atsikana ena ankabwera ndi timitolo tawo, iwo n'kumawabweza. Akatero ankalowa m'nyumba, osatulukanso mpaka mawa.

Atakalamba, maso atachita ng'ala, anamva kuti panyumba yosanja ija akhomapo chikwangwani chamkuwa. Anauza mdzukulu wawo wamkazi kuti awaperekeze. Anakwera basi, ine ndili nawo, iwo atavala diresi losoka okha.

"Werenga, mayi wanga," anauza mdzukuluyo titafika.

"Alemba kuti muno munali maofesi a asilikali pa nthawi ya nkhondo."

"Pansi pake?"

"Palibe, agogo. Zathera pomwepo."

Mayi Singano anasendera pafupi. Kenako anatambasula dzanja, nayendetsa chala m'mphepete mwa mkuwawo monga ankachitira poyesa mpendero wa siketi.

"Akhomanso mopendama," anatero. "Tiyeni tizipita, dzuwa lakula."