Mabwalo Zana a Bambo Mtonga

A Whiteson Mtonga anali munthu wolondola dzuwa. Pa kachipatala komwe ankagwira ntchito, cha ku Mwase, magetsi kunalibe, ndipo makina awo oonera tizilombo ankatapa kuwala ndi kalilole kakang'ono kamene kanali kunsi kwake. M'mawa tebulo linkakhala pawindo lakuvuma. Dzuwa likapendeka ankalikokera pawindo lina, mpaka miyendo yake inakumba tinjira pasimenti.

Ntchitoyi anaiyamba asanakwatire, masiku omwe ankayeza kwambiri malungo ndi likodzo. Pofika 1994 tibotolo ta makhololo tinaposa zonse, pakuti midzi inali kutsokomola. Diso lawo lakumanja, lomwe linali litasuzumira m'makinamo zaka makumi awiri ndi zitatu, linkangotuluka misozi lokha. Lakumanzere linazolowera kutsinzina, moti kutchalitchi ankaoneka ngati akukayikira ulaliki.

Makhololowo ankawapaka pakagalasi, n'kuumitsa pa kanyali, n'kuthira mankhwala ofiira, kutsuka, kenako abuluu. Tizilombo ta chifuwa chachikulu tinkatsala tofiira ngati tizidutswa ta ulusi. Kutipeza titachuluka sikunkavuta. Chovuta chinali kulemba kuti mulibe. Lamulo linali lakuti uyambe waona mabwalo zana: kusuzumira kamodzi ndiye bwalo limodzi, kenako kusuntha kagalasi pang'ono, kusuzumiranso. A Mtonga ankasunga njere khumi za chimanga patebulo. Mabwalo khumi akakwana, njere imodzi inkawoloka kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Tsiku lina mu Januwale kunabwera Loyce Zimba wa ku Kapichila, atakwezedwa panjinga ndi mlamu wake Philemon. Kanali kabotolo kake kachitatu. M'tiwiri toyamba simunapezeke kanthu. Mankhwala a chifuwa anali ochepa, ndipo ankapatsidwa okhawo amene tizilombo taoneka. Kachitatuka kakatulukanso koyera, Loyce akanabwerera ndi mankhwala a chimfine, ndipo a Mtonga ankadziwa kuti munthu wowonda chotero sabweranso kachinayi.

Akuyeza kagalasi ka Loyce, njere zisanu ndi imodzi zitawoloka, mtambo unaphimba dzuwa. M'makinamo munada ngati mumphika.

"A Mtonga, mwagonamo kapena?" anafunsa Sista Agatha, namwino wa pamalopo, ataima pakhomo.

"Kwatsala makumi anayi, asista."

"Tiwili tija munati mulibe. Ka lelo ndiye kamela nyanga? Panja pali anthu khumi ndi anayi, ndipo onse akuyang'ana ine ngati ndine ndabisa dzuwa."

Philemon naye analowetsa mutu pawindo, chipewa chili m'manja.

"Adada, mtsinje ukadzala tigona kuno. Fodya ali yekha kumunda. Lembani chabe tizipita."

A Mtonga anatola cholembera kuti angolemba kuti mulibe. Palibe amene akanadziwa, chifukwa zimene diso laona m'makinamo zilibe mboni. Anachitapo kale zimenezi, kawiri kapena katatu, masiku a mitambo ngati limeneli, ndipo mayina a anthuwo ankawakumbukira onse. Msana unkawawawa. Pakhonde Loyce anayamba kutsokomola, chifuwa chachitali chosafika kumapeto, akuyesetsa kuchibisa m'chitenje.

A Mtonga anasiya cholembera chija. Ananyamula makina ndi manja awiri, natuluka nawo pabwalo, nawakhazika pampando wa odwala, iwo n'kugwada pansi. Njere zinayi zotsalazo anazifumbata.

"Taonani, ayamba kuwapembedza tsopano," anatero Sista Agatha. Odwala ena anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu otopa.

Kuwala kwa panja kunali kotuwa, koma kunalipo. Anapotoza kalilole mpaka buluu uja anabwerera mozimiririka. Njere yachisanu ndi chiwiri inalowa m'thumba la malaya. Mtambo unakhuthala, iwo anadikira ali chigwadire, mawondo akulasidwa ndi timiyala. Philemon ankangoyendayenda, akuliza belu la njinga ndi chala ngati mosadziwa. Yachisanu ndi chitatu inalowanso.

Chapakati pa khumi lotsatira anaona kofiira m'mphepete mwa bwalo. Misozi inatseka diso lakumanja. Anapukuta, koma sanalikhulupirire. Anasuzumira ndi lakumanzere, lomwe silinazolowere ntchito, ndipo linatenga nthawi kuti likhazikike. Kanalipo, kopindika pang'ono. Mabwalo awiri kutsogolo munali tina titatu, togundana.

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira mpando. Analemba papepala, napita pomwe anakhala Loyce, nanjuta kuti ena asamve.

"NyaZimba, tapezeka. Ndi chifuwa chachikulu, koma chili ndi mankhwala. Mugona kuno, mawa muyamba jekiseni."

"Masiku angati, adada?"

"Makumi asanu ndi limodzi. Pambuyo pake mapilitsi."

Loyce anayang'ana zikhatho zake. Milomo inkagwedezeka, akuwerenga miyezi: kupalira kudzatha iye kulibe, kuthyola fodya kudzayambanso iye kulibe.

"Yewo, adada," anatero motsitsa.

Madontho oyamba anagwa pamalata. A Mtonga anavula jekete n'kufunditsa makina, ndipo anauza khumi ndi anayi aja kuti abwere mawa, mwina kudzacha bwino. Palibe amene anadandaula mokweza. Philemon anamasula kamtolo ka Loyce kumbuyo kwa njinga, nakaika pakhonde pafupi ndi mapazi ake, nakwera yekha kuthamangira mtsinje usanadzale.