Duwa la Enoch Duxbury

Enoch Duxbury wa mumsewu wathu muno mu Darwen wakalamba akudinda ndi manja mapepala omata pakhoma. Mtundu uliwonse wa utoto uli ndi chidindo chake cha thabwa: kudinda, kudikira kuti ziume, kudindanso. Duwa lake limodzi linkadya mitundu khumi ndi iwiri. Mapepalawo ankapita kunyumba za mabwana ku Manchester, kwake khoma lili la laimu, mbee.

Khomo loyandikana ndi lake ndi la Absalom Fish, woyendetsa makina odindira kufakitale, munthu wosatha kujambula ngakhale dzira. Koma kwawoko mapepala anamata mpaka kukhitchini. Mkazi wa Enoch, Tabitha, akapita kumeneko kukapempha mchere, ankabwerako nkhope itatupa.

"Enoch, kwa Absalom amatanso ena. Ine mkazi wa mmisiri ndikhala m'nyumba yamaliseche mpaka liti?"

"Zamakina zija? Utoto wake ngati tiyi wapamaliro. Zisalowe muno."

Zinalowa. Enoch atapita kukazonda mlongo wake ku Preston, Tabitha anagula mipukutu yotsika mtengo n'kumata chipinda chochezera chonse. Mwamuna pobwera anaima pakhomo, chipewa chili kumutu. Pamapepalapo panali duwa lake lomwe lija. Afakitale anali atalikopera, n'kulisiyira mitundu itatu yokha, utoto ukudumpha mizere.

Aneba tinatchera khutu kudikira kusweka kwa mbale. Zii. Mkuluyo anangotenga kaburashi ndi timiphika ta utoto n'kuyamba kubwezera mitundu yosowayo, duwa ndi duwa, nyengo yozizira yonse. Kutchalitchi osaoneka, kumowa osaoneka. Ankati Absalom adzaone yekha kusiyana kwa dzanja ndi chitsulo.

Atamaliza, Tabitha anaitana a Fish ku tiyi. Ine ndinadziitana ndekha. Kunena zoona mtima unandiwawa, poti kwanga khoma ndi mwaye wokhawokha. Absalom anayandikira khoma, n'kulisisita, n'kugwedeza mutu.

"Akulu, apa mwagwira ntchito. Munthu sangadziwe n'komwe kuti ndi zamanja. Zangokhala ngati zamakina zenizeni."

Choipa chake n'chakuti ananena ndi mtima wabwino. Enoch anaika kapu pansi bwinobwino n'kutuluka. Mpaka lero amadyera kukhitchini, m'chipinda chija sapondamo. Tabitha ndiye amachezamo tsiku ndi tsiku ndi alendo, makatani atatsekula kuti odutsa aone.