Khoma Lisanaume

Kuseri kwa msika wa Songani kuli madala ena olemba zikwangwani za magolosale, koma mtima wawo uli pa makoma. M'thumba mwawo simusowa kabuku kothetheka ka akatswiri akale a ku Italy, amene ankajambula pulasitala wa laimu asanaume kuti utoto ulowe mkati, usadzafufutike. "Khoma louma n'logontha," amatero madalawo. "Lankhula nalo likadali lonyowa."

Chaka cha referendamu, tchalitchi china chinawapempha chithunzi cha Mgonero wa Ambuye. Iwo analamula kuti pulasitala azipakidwa pang'onopang'ono, malo a nkhope imodzi patsiku. Koma akhristu, pofuna kuwathandiza, analawirira n'kupaka khoma lonse!

"Mayo ine! Atumwi onsewa tsiku limodzi?" anakuwa madala. "Thamangani, nyowetsani masaka, phimbani khomali!"

Amayi anathamangira kumtsinje ndi ndowa, madala burashi ili yakaliyakali. Pofika pa Yudasi, khoma linali litauma gwa, utoto unangokhala pamwamba.

Lero nkhope zonse zikuwalabe, koma Yudasi akumatuka. Anthu akawapempha kuti akamukonze, madala amaseka chikhakhali.

"Musiyeni azipita! Nanga si anatuluka mgonero usanathe?"