Makala pa Liwombo

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Mankhwala a liwombo amene atchuka m'mudzi mwathu muno, amene amayi ena amachita kuyendera kuchokera ku Likhubula, mbiri yake inayambira pamutu pa mwana wanga. Koma pamutupo mankhwalawo anafikapo tsiku limodzi lokha. Masiku ena onsewo anali makala. Ndinasinja ndekha.

Ndiyambe ndi ubongo, poti ndi umene unandipalamulitsa. Ndili ku koleji ya uphunzitsi, aphunzitsi athu a sayansi anabwera tsiku lina ndi ubongo wa mbuzi m'botolo. Anzanga ankafunsana ngati ungakome ndi tomato. Ine ndinangoti kakasi. Aphunzitsiwo anatiuza kuti kunja kuli mayunivesite kumene munthu amakhala zaka zingapo akuphunzira ubongo ndi mitsempha basi, n'kutenga digiri ya zimenezo. Kuno kwathu kunalibe. Ndinalemba makalata. Imodzi inayankhidwa, envulopu yake itatsegulidwa kale n'kumatidwanso bwinobwino, monga mmene makalata akunja ankafikira masiku amenewo. Ankafuna maphunziro amene ine ndinalibe, komanso chilolezo chotulukira m'dziko, chimene mwana wa munthu wothyola tiyi sakanadziwa n'koyambira komwe. Aphunzitsi aja anandimvera chisoni, nandipatsa buku lawo lakale la ubongo, lothothoka chikuto. Ndinabwerera kumudzi ndi setifiketi, bukulo, ndi chibwenzi chimene chinasanduka banja chaka chisanathe.

Ndiye yunivesite yanga inali pakhonde. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala moyang'ana phiri, n'kumaloweza maina a zigawo za ubongo amene panalibe munthu woti ndiwatchulire. Mayeso ndinkadzipatsa ndekha, kuchonga ndekha, ndipo ndinkakhoza bwino ndithu.

Kenaka kunabadwa mwana. Wina akanaona mwana. Ine ndinaona ubongo. Pamwamba pamutu pali paja pofewa, pamene mafupa sanakumane, pakuchita kugunda pang'onopang'ono ngati pakhosi pa buluzi. Ndinadziwa kuti pansi pa khungu limeneli pali zonse zija ndinkaloweza. Ndinkamuyeza mutu ndi tepi ya telala m'mawa uliwonse. Ndinkamukanda kuphazi kuti ndione ngati zala zitambasuke monga buku linanenera. Akayasamula, ndinkathamangira buku. Bambo ake ankati, "Amake mwana, mwana ameneyu munabereka kapena mwachita kubwereka ku labotale?"

Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono. Anandilera ndi mayi aakulu, akulu awo a malemuwo, ndipo ndi amene ankathyola tiyi mvula ili pamsana kuti ine ndikhale m'kalasi. Nyumba yathu inamangidwa pamalo awo, bambo a mwana ali mkamwini wofatsa wodziwa malire ake. Pankhani ya makanda, mudzi wonse unkamvera mayi aakuluwo. Chikuta chitatha anabwera ndi kachitini. Munali phala lakuda, muzu wootcha wosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Muzuwo ankautenga tsidya la mtsinje wa Muloza, kupyola malire a dziko, kumene makolo athu anachokera.

"Uzimupaka paliwombo m'mawa uliwonse," anatero, akupaka okha ndi chala chachikulu. "Ukaphonya tsiku, mutu ung'ambika. Wamva, aphunzitsi?"

Akamati aphunzitsi, ndiye kuti akunditonza.

"Ndamva, mayi."

Chala chawocho chinkangozungulira pamwamba penipeni pa ubongo. Ndinkaona mankhwala aja akulowerera pakhungu, akutsika, akudetsa zigawo zonse zija chimodzichimodzi. Ndivomere pano kuti buku silinanene zimenezo. Linanena kuti pansi pa khungupo pali chikopa cholimba. Ndinawerenga, ndinamvetsa, koma mantha sadziwa kuwerenga.

Atangochoka ndinakataya zonse m'chimbudzi. Ndinatenga makala awiri pambaula, ndinasinja, ndinasefa ndi kansalu, n'kuthira mafuta ophikira. Kunena zoona, zanga zinatuluka zokongola kuposa zawo. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga ankayenda ndi makala pamutu. Mayi aakulu ankabwera kudzaona, n'kugwedeza mutu mokhutira. Chitini chikatha ankandipatsa china, ine n'kuchita chimodzimodzi. Ndinali munthu wa sayansi, wopaka mwana makala m'mawa uliwonse mosaphonya.

Mwana ananenepa. Ku sikelo ankachita kumunyamula awiri pomuseka. Liwombo linatsekeka bwinobwino pa nthawi yake. Mayi aakulu anayamba kumubereka kupita naye kuchigayo, kumaliro, ngakhale kokonzekera magule a chipani kumene amayi onse ankasonkhana. Ankamuvula chipewa n'kumauza anthu kuti agwire.

"Gwirani apa. Mwala! Ndipotu mayi wake ndi wa ku koleji, amawerenga buku la mitu ya anthu. Koma pamankhwala angawa sanatsutse. Ndikunama, aphunzitsi?"

"Simukunama, mayi."

Amayi amene kale ankakayika anayamba kubwera. Ankati ngati ophunzira akupaka, ife ndife ndani? Setifiketi yanga, imene inalephera kunditengera ku yunivesite, inapeza ntchito yotsatsa muzu.

Ndikanatha kukhala nazo choncho mpaka kalekale, zikanapanda kufika pa mng'ono wanga. Ameneyu ndi mwana weniweni wa mayi aakulu, tinakulira nyumba imodzi, ndipo ankathyola tiyi ku esiteti. Mwana wake wamkazi anali ndi miyezi isanu pamene anayamba kutsegula m'mimba. Inali nthawi ya mango, ntchentche zili ng'waa. Nkhondo ya tsidya lija inali itakula, anthu akuwoloka Muloza ndi mitolo pamutu, ndipo panalibe wolimba mtima kukakumba muzu. Mankhwala a mayi aakulu anali atatha. M'mudzi monse munatsala chitini chimodzi chokha, chotsalira cha mwana wanga.

Anabwera m'mawa Lachiwiri, ine ndikumanga mpango kuti ndizipita kusukulu.

"Achemwali, liwombo la mwana lagwa. Amayi akuti mundigawire kuchitini kwanu kuja."

Ndinamusuzumira mwanayo kumsana. Paliwombo panali patalowa ngati mbale yaing'ono. Maso nawo atalowa. Ndinadziwa. Zinali m'buku, ndinali nditazilemba mzere kunsi: liwombo likalowa, si mutu umene ukudwala, ndi madzi amene atha m'thupi, ndipo ubongo wa khanda supirira ludzu nthawi yaitali.

"Bwanji osapita naye ku mishoni?" ndinatero, koma ndi mawu aang'ono.

"Akapitawo andilembe kujomba? Ndiye khadi la chipani la chaka chino ndilibe, anyamata achipani ofunsa makadi aima pa Chitakale. Komanso amayi akuti wanuyu munapita naye kuchipatala chifukwa cha liwombo?"

Mayi aakulu anali atafika kumbuyo kwake, manja m'chiuno, amayi ena awiri ali nawo.

"Aphunzitsi, tulutsa chitini. Wako anachira, wa mnzako afe?"

Apa ndi pamene ndinafunika kunena. Mawu ake anali ochepa: mayi, m'chitinimo muli makala. Koma ndikanawanena pamaso pa amayi awiri aja, kwa munthu amene anandilera, amene mbiri yake yonse inali itatsamira pamutu pa mwana wanga. Ndipo mwana wanga akanadzangotsokomola pambuyo pake, mudzi wonse ukanadziwa woloza chala. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitini, ndinapereka. Ndinati, "Uzimuyamwitsa pafupipafupi." Kenaka ndinapita kusukulu kukaphunzitsa ana a Sitandade 5 za ukhondo wa m'thupi. Phunzirolo linayenda bwino kwambiri.

Tsiku lonse limenelo mwana wa mng'ono wanga anagonera makala anga.

M'mawa mwake sindinamange mpango. Ndinapita kwawo dzuwa lisanatuluke paphiri. Mwana anali atasiya kulira, ndipo mayi aakulu ankati ndiye kuti mankhwala ayamba kugwira. Ndinamutsina khungu la pamimba, linaima osabwerera. Chilungamo chinandikanikanso, ndiye ndinapeka bodza lachiwiri.

"Mayi, pali chimene sindinakuuzeni. Mankhwala anuwa ndi amphamvu kwambiri, amamwa madzi a m'thupi. Ine wanga ndinkamumwetsa madzi owiritsa a mchere ndi shuga kuti aziyenda bwino. Uyu tachedwa naye. Pafunika akamuthire madzi ku mishoni kuti mankhwala apeze podutsa."

Mayi aakulu anatembenukira kwa ine.

"Amphamvu, eti?"

"Kwambiri, mayi."

"Ndinkadziwa. Nanga ukuimiranji? Tengani mwana!"

Ndinamubereka ndine, poti khadi ndinali nalo ndipo akanatiimika mwana akanadutsabe, mng'ono wanga akubwera pambuyo ndi kapu ndi sipuni. Tinkaima pamthunzi uliwonse kumudonthezera madzi m'kamwa. Lole ya esiteti inatinyamula chigawo chotsala. Kuchipatala, anesi ena achikulire atangovula mwana chipewa anaomba m'manja.

"Taonani! Mwana akuuma, iwo ali kalikiliki kupenta mutu. Wapaka zimenezi ndani?"

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Ndinati, "Chitini chake ndi changa."

"Inu si aphunzitsi inu? Ndimakuonani ku sikelo. Aphunzitsi athunthu! Ndiye ana athu mukuwaphunzitsa chiyani? Mukudziwa kuti pansi apa pali ubongo?"

"Ndamva, anesi."

Ndinaima pamenepo m'wodi yodzaza amayi, akundiphunzitsa kumene ubongo umakhala. Anamuika diripi pamutu pomwepo, poti mitsempha ya m'manja inali itabisala. Patatha masiku awiri liwombo linadzuka. Loweruka lake tinabwerera kumudzi.

Mayi aakulu anatilandira ndi nthungululu. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika ku tchalitchi: mankhwala awo ndi amphamvu moti ngakhale madokotala a ku mishoni amachita kuwathirira madzi. Kuyambira pamenepo, mayi aliyense wobwera ndi khanda lakugwa liwombo amamupaka, kenaka amamulamula kuti amwetse mwana madzi a mchere ndi shuga, ndipo likalowa kwambiri athamangire ku mishoni kuti mankhwala akapeze podutsa. Amanena ngati ndi mwambo wochokera kwa makolo. Ana angapo apulumuka motero, ndawaona ndi maso angawa. Muzu anapeza wina kuno konkuno, m'mphepete mwa phiri. Akuti ndi wofooka pang'ono poyerekeza ndi wa m'chitini changa chija.

Mukhoza kuseka, nanenso ndimaseka nthawi zina. Koma mwana wa mng'ono wanga ali ndi zaka zitatu tsopano. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda. Mawu ali nawo owerengeka: amama, madzi, iyayi. Anzake obadwa mwezi umodzi akuimba nyimbo zonse za ku Sande sukulu. Mayi aakulu akuti watengera bambo ake, amene ngakhale paukwati wawo anayankha ndi mutu. Anesi akuti ana ena amangochedwa, tidikire. Mwina ndi zoona. Ndafufuza m'buku langa kuyambira tsamba loyamba mpaka pamene linathothokera, kufuna pamene pakunena kuti tsiku limodzi la ludzu limachotsa chiyani mu ubongo wa khanda la miyezi isanu. Silikunena. Mwina amene anapita ku yunivesite kuja akudziwa. Ine ndimangodziwa kuti Lachiwiri lija ndinazindikira matenda, dzina lake ndi mankhwala ake, ndipo ndinapereka makala.

Mtsikanayo amandikonda. Ndikaweruka amathamangira kudzandigwira chitenje, ine n'kumamuonetsa zinthu ndi kumutchulira maina: nkhuku, mtondo, nanazi. Mng'ono wanga amati, "Achemwali, mwana ameneyu ndi wanu, munamupulumutsa ndinu." Ndipo dzulo wandiuza kuti ndi woyembekezera, akufuna kuti akadzabadwa ameneyo ndidzamupake ndine tsiku loyamba, poti dzanja langa ndi lamwayi.

Ndikanena zoona lero, mayi aakulu achita manyazi paukalamba wawo, amayi asiya kubwera kwa iwo, ndipo sindikudziwa ngati madzi a mchere ndi shuga aja adzapitirire popanda phala lakuda lowatsogolera. Ndikakhala chete, mng'ono wanga apitiriza kundithokoza chifukwa cha Lachitatu la ku mishoni lija, osadziwa za Lachiwiri. Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga, tandiuzani. Ndinalakwa poyamba paja, kapena Lachiwiri lokha lija? Nanga kukhala chete kumeneku, ndikuteteza ana a m'mudzi muno, kapena ndikungodziteteza ndekha?